Nkholokolo ya ba Sikazwe m'bafa la amayi

Ndisanayambe nditchule mboni, poti anthu amati ndimawonjezera mchere. Yoyamba ndi amayi anga, ali moyo ku Dambwa ndipo mkwiyo sunawathere. Yachiwiri ndi mlongo wanga Mutinta. Yachitatu ndi chala changa chachikulu chakumanja: chipsera chilipo, wokayika abwere adzaone.

Ndikamva fungo la ndere ndi zigoba za nkhono zouma padzuwa, ndimaona ba Sikazwe, amene tinkagawana nawo mpanda ndi mpopi, atagwada kuseri kwa nyumba yawo akunong'oneza bafa lathu mawu achikondi amene akazi awo sanawamvepo. Anali dalaivala wa thiraki, kwawo ku Mpulungu. Tsiku lina anafika ndi chigubu cha madzi a m'nyanja ya Tanganyika, mkati muli kansomba kosaposa chikhato, kamawangamawanga, kandevu ngati mphaka. Nkholokolo.

"Bana Mutinta, nibwelekeniko bafa," anatero kwa amayi. "Mawa nizabweza."

Linali bafa lachitsulo, lokhalo m'nyumba mwathu, losambiramo ife ndi lochapiramo amayi. Mawa lake tinapeza muli mchenga, miyala ndi chidutswa cha paipi, pamwamba atavindikira lata. Anatifotokozera kuti nsombayi kwawo imakhala m'mapanga a miyala, imadana ndi kuwala, imatuluka kukadya dzuwa likalowa. Madzi a pampopi ali ndi mankhwala, ayenera kuyamba agona mu ndowa. Ndowayonso inali yathu.

Kuyambira pamenepo ndinkasamba ndi chitini pampopi, mmawa wa mu Juni, anthu a m'minibasi akundionera ulere. Ndikulumbira, tsiku lina thovu la sopo linandiumira pamsana, ndinakalibanthula m'kalasi. Ndikaweruka ba Sikazwe ankanditumanso ku ngalande kukatola tinkhono tam'madzi, chakudya cha mlendo amene anandilanda malo.

Amayi ankapita pampanda Loweruka lililonse, zovala zakuda zili m'manja.

"Ba Sikazwe, Zambezi ili pompa. Kaiponyeni mmenemo ikapeze anzake."

"Iyi ni ya mu nyanja, bamayo. Pa mathithi ya Mosi-oa-Tunya paja ingachite chizungulile."

Tsiku lina, iwo atapita ndi thiraki, amayi anandilamula kuti ndiisamutsire mu ndowa. Ndinapisa dzanja mu paipi muja. Palibe anandiuza kuti nkholokolo ili ndi minga itatu, wina pamsana, iwiri m'mbali, ndipo ikagwidwa imaitambasula n'kuikhoma ngati loko. Inayamba kulira, kwii kwii, ngati chitseko cha chimbudzi chosowa mafuta, munga uli m'chala changa. Inenso ndinalira. Mutinta akuti agalu a kumudzi wakutali wa Simonga anayankha, ndipo Mutinta ndi wa kwaya, sanama.

Ba Sikazwe atabwera anayamba kuyang'ana nsomba, kuiwerenga ndevu, kenaka n'kufunsa ngati ndinali nditasamba m'manja. Poona nkhope ya amayi, anaganiza zowasangalatsa ndi nzeru za chiweto chawo. Akuti m'nyanja muja muli nsomba zina, zangati chambo, zimene zimasungira mazira m'kamwa. Zikamaikira, nkholokolo imathamangira pakati, n'kutaya mazira ake pomwepo. Mayi wa mazira uja amawolera onse m'kamwa osasankha. A nkholokolo amaswa msanga, n'kudya ana a mwini kamwa, mwiniyo akuwayendetsa ndi njala poganiza kuti ndi ake.

Amayi anayang'ana bafa lawo, ndowa yawo, ndi mwana wawo wa chala chotupa ngati mbatata.

"Ndiye imalerera ana m'nyumba ya eni, ndi chakudya cha eni?"

"Ehe. Ni yochenjela maningi."

"Ndi m'bale wanu."

Ba Sikazwe anathokoza.

Nsomba zimenezi sizifa msanga, ndiye vuto lake. Ndinamaliza sukulu, ndinamera ndevu zanga, amayi anagula bafa lapulasitiki limene linang'ambika, n'kugulanso lina. Kenaka ba Sikazwe anapuma ntchito, n'kumanga katundu wobwerera ku Mpulungu. Mmawa wonyamuka tinamva wilibala ikulira pachipata. Anali iwo, akukankha pang'onopang'ono, bafa lili pamwamba.

"Bafa yanu iyi, bana Mutinta. Ine sinisunga vinthu va bene."

Amayi anatsala pang'ono kululutira. Anavundukula lata lija. M'kamwa mwa paipi munatuluka ndevu.

"Yakalamba, ulendo singakwanise," anatero ba Sikazwe akukwera galimoto. "Madzi muzigoneka."

Amayi anaiyang'ana nsombayo, manja ali m'chiuno. Ine ndinati mwina afuna mpeni. Anatembenuka n'kundipatsa chitini.

"Ukuyang'ana chiyani? Sinadye."

Mpaka lero, Lamulungu lililonse ndikatuluka m'tchalitchi, ndimakwera minibasi ya ku Dambwa, munthu wamkulu wa ana anga, nditavala jekete, chitini cha nkhono chili pamiyendo. Amayi amaitukwana nsombayo uku akuisinthira madzi. Akuti ikadzafa adzachapiramo m'bafa lawo. Sabata yatha ndinaiona. Yanenepa.