Chifuwa cha Amama NyaZimba

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa chodziwa chilankhulo cha Chisenga. Nditamaliza sukulu ku Chama m'zaka za m'ma 1990, kunabwera anthu a kafukufuku wa mbewu ya chimanga ochokera ku Lusaka, ndipo ankafuna wolankhula ndi alimi m'chilankhulo chawo. Anandilemba mongoyesa, nandipatsa njinga, pensulo ndi makadi a zithunzi.

Sitinkafunsa mlimi kuti amakonda chimanga chotani, poti aliyense angati chokoma, chocha msanga ndi chotchipa. Tinkamuikira makadi awiri pamphasa. Ina ikhala mbewu yocha msanga koma yofumbwa, inayo yochedwa, yokonoka bwino mumtondo koma yodula. Asankhe imodzi basi, kenako ena awiri. Makadi oyambirira ankabweranso kumapeto, kuti tione ngati munthu akungolozaloza. Mayi Lungu, otiyang'anira, anali ndi lamulo: "Woyankha ndi mmodzi. Ndikapeza akuuzirana, pepala nditaya, naiwenso upita."

Tsiku lomwe anabwera kudzandionerera tinali ku Tembwe, kwa adada Goma, mkulu wansangala amene anavalira jekete makadiwo. Akazi awo, amama NyaZimba, anakhala kumbuyo akuswa mtedza. Ndikaika makadi, amamawo ankatsokomola, kamodzi kapena kawiri, ndipo adada ankaloza molimba mtima ya kumanzere kapena ya kumanja. Posakhalitsa ndinazindikira kuti akuuzirana. Ndinkangopemphera kuti mayi Lungu aziyesa ndi chimfine.

Titafika pa makadi obwereza aja, mbuzi zinalowa m'khitchini, amama n'kuthamangira komweko. Adada anayang'ana makadi, anayang'ana kumwamba, nayamba kutisimbira za njovu za ku Chifunda.

"Adada, sankhani," anatero mayi Lungu.

"Manje mwanthamangitsa chani?" Anaseka mwamanyazi. "Ine nimalima chabe, mwana wanga. Nkhokwe na mtondo ni va mnzanga uja."

Ndinaona ntchito yanga ikutha. Koma mayi Lungu anang'amba pepala lija, nati tiyambirenso ndi amama. Atabwerako, amama anakhala pamphasa, napukuta manja, ndipo makadi awiri oyamba anawayankha ndisanamalize n'kufotokoza komwe. Titafika pa mbewu yocha msanga koma yodula, anangoti zii. Kumbuyo kwawo adada Goma anatsokomola kawiri.

Mayi Lungu anaseka mpaka misozi. Pamwamba pa pepala latsopanolo analemba kuti ayankha ndi anthu awiri, ndipo za kundichotsa sanazitchulenso.

Ntchito imeneyi ndinaigwira zaka zambiri, ndipo anthu awiri aja ndimawakondabe. Kuyambira tsikulo, ndisanatulutse makadi pakhomo la munthu, ndinkayamba ndafunsa kuti mbewu amasankha ndani. Akandiyankha kuti ndi bambo, ndinkavomera mwaulemu, kenako n'kutchera khutu kumbuyo kwawo.