Masipika Aatali a Bambo a Ana Anga

Bambo a ana anga atabwerako kusukulu kunja, ine sanandibweretsere ngakhale nsapato. Anabwera ndi masipika awiri ofika m'chifuwa mwangamu, olemera moti amuna anayi anakhetsa thukuta powalowetsa m'nyumba yathu ku Area 14. Ndinakwiya, kunena zoona.

Iwo ankawakonda ngati ana. Ankandigwiritsa thabwa lake losalala lofiirira, n'kumandiuza kuti m'katimo muli ubweya wa nkhosa woletsa bokosi kulirima, pansi pake anathiramo mchenga, ndipo timiyendo take tosongoka n'toti mawu asathawire m'simenti. Ine ndinkangovomera, koma pokolopa ndinkawatukwana chamumtima mabokosiwo.

Tsoka linadzera m'mawaya ake aatali. Nthawi zina mbale ya galamafoni ikatha kuimba, masipikawo ankatola okha mawu a wayilesi zakutali, chinenero chosamveka. Tsiku lina anawamva mayi wina woyandikana nafe, amene ankakonda kudzapempha mchere ali nawo kwawo. Anangofunsa ngati mabokosiwo amalankhulanso. Mtima wanga unangoti phwii! Masiku amenewo munthu ankatengedwa pa nkhani yochepa kuposa imeneyi, osabwereranso.

Loweruka masana kunafika amuna awiri a masuti. Anati amva kuti tili ndi makina olankhulirana ndi zigawenga zakunja. Ndinatsekera ana kuchipinda n'kuima pakhomo la khitchini, mantha okhaokha.

Wamkulu wawo analamula bambo kuti atsegule sipika imodzi. Bambo anagwada n'kumasula zomangira zake. Ubweya unakhuthukira pansi. Kenako panaoneka kathabwa ka mawaya a kopa okulungiza, ndipo mkulu uja anakaloza ndi nsapato, akufunsa kuti chimenechi n'chiyani ngati si wayilesi. Bambo anayamba kufotokoza kuti kamangogawa mawu, aakulu apite m'munsi, aang'ono m'mwamba. Akamafotokoza, nkhope ya mlendoyo inkaumirabe, ndipo ndinadziwa kuti akuwatenga basi. Koma ndinaonanso dzanja la mkuluyo likusisita thabwa losalala lija mosirira.

Ndinalowa osaitanidwa, n'kugwada.

"Bwana, zinthuzi zimangotipanikiza m'nyumba muno. Bwanji mukaziyesere kwanu mosafulumira?"

Bambo anandiyang'ana ngati ndawabaya. Komabe anamanga sipika ija bwinobwino, anathandiza kunyamula, mpaka anafunditsa onse awiri bulangete lathu kuti asakalike panjira. Galimoto inapita, mwamuna wanga anatsala.

Nkhaniyi sitinaikambeko m'nyumba. Patapita miyezi, tikuyenda wapansi ku Area 10 kukazonda wodwala, tinamva ng'oma ikugunda m'nyumba ina ya mpanda, mawu ozama ofika m'mimba, ngati a masipika athu aja. Bambo anangoima pamsewu pompo. Ndinawakoka malaya, ndikuopa kuti mlonda wa pageti atiwona.

"Awaika pafupi kwambiri ndi khoma," ananong'ona, misozi ikulengeza.

Ndinawakokabe, tinapitirira.