Galasi Kuseri kwa Foni

Foni yanga inagwa pa masitepe a fulati ina ku Sea Point, kuno ku Joni, tsiku limene ndinkatsika ndi dengu la zovala za madamu kukayanika. Sinafe ayi. Inangosweka pakona yakumwamba, pomwe pali kamera yakutsogolo, ndipo kuyambira tsikulo ndikati ndidzijambule ndinkangoona chinthu chotuwa mbuu, ngati munthu waima m'nkhungu. Kamera yakumbuyo inatsala bwinobwino. Koma kamera yakumbuyo ili ndi mwano wake: iyo imakuona, iwe osadziona.

Kwa wina imeneyi si nkhani. Kwa ine inali nkhani, chifukwa ndinasiya mwana ku Dedza. Ndinamusiya akuyamba kumene kulankhula, m'manja mwa achemwali anga aakulu, ndipo pa nthawi imene ndikunenayi anali atayamba sukulu ya mkombaphala. Kwathu mchemwali wa mayi ako ndi mayi akonso, palibe chachilendo, ndiye mwanayo ankawaitana kuti amayi. Ine ankanditchula amayi aku Joni. Zimenezo sizinkandiwawa kwenikweni. Chimene ndinkaopa n'chakuti tsiku lina ndidzatsika basi, iye n'kundiyang'ana mmene timayang'anira munthu wofunsa njira. Ndinkafuna nkhope yanga ikhale m'mutu mwake.

Zoimbirana moonana zinali zosatheka. Kumudzi netiweki imabwera ikafuna, n'kuchokanso osatsanzika. Ndiye ndinkajambula timavidiyo n'kutumiza, achemwali akapita kumsika komwe foni imagwira, timavidiyo tonseto tinkalowa pamodzi. Mwana ankationera kunyumba mobwerezabwereza mpaka batire kutha.

Ndinkakhala ku Delft, m'kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya eni, limodzi ndi mnzanga wina wa ku Rumphi amene ankaluka tsitsi mu saluni. Tsiku langa lopuma linali Lamlungu. Ndikabwerako kutchalitchi dzuwa linkakhala litapendeka, n'kumalowa pa kazenera kathu kamodzi, fumbi likuyandama m'kuwalamo pang'onopang'ono. Ndege zinkadutsa pamwamba, malata n'kunjenjemera, kenako zii. Nthawi imeneyo ndiyo inali yanga ndi mwana wanga.

Mavidiyo oyamba a kamera yakumbuyo, abale inu, anali ochititsa manyazi. Ndinkatsamiritsa foni pa paketi ya shuga, n'kukhala pampando, n'kulankhula ndi mtima wonse, kuimba, kuseka. Pokaonera ndinkapeza ndajambula khosi ndi mabatani a bulauzi. Ulendo wina ndinajambula denga lokhalokha, mawu anga akumveka chapansipansi. Ndinatumizabe poti mawu analipo. Achemwali, amene pakamwa pawo sipachedwa, anayankha kuti denga aliona, malata ake ndi abwino ndithu, koma akufunsa ngati mwini nyumba alipo.

Mnzanga uja anayesa kundigwirira foni. Zinakanika. Ine kuimbira mwana nyimbo zachibwana pamaso pa munthu wamkulu sinditha, ndipo iyenso ankaseka mpaka chithunzi kugwedera. Ndinamulanda foniyo n'kumuuza kuti azikaseka makasitomala ake.

Nzeru ya galasi inandibwerera ndikutsuka mapoto kuntchito. Ndinaona nkhope yanga pa chivundikiro, ndipo ndinaganiza kuti chinthu chonyezimira chitaima kuseri kwa foni, chikhoza kundionetsa zimene zili pa sikirini. Lamlungu ndinayesa ndi chivundikiro chathu. Ndinadziona, inde, koma mphuno ngati mbatata, mutu kutalika. Ndinayesa zenera, koma masana silionetsa kanthu. Ndinayesa kagalasi ka m'bokosi la paudala la mnzanga, koma kanali kakang'ono moti ndinkaonamo diso limodzi. Ndinatukwana chamumtima, Mulungu andikhululukire, linali tsiku la Sabata.

Kenako madamu anasintha kabati ya m'bafa. Chitseko chake chakale chinali ndi galasi lalitali ngati mkono wanga, longothetheka pang'ono m'mphepete, ndipo anati ndikataye. Ndinalikulunga m'chitenje n'kukwera nalo takisi. Panjira chitenje chinatseguka, galasi lili pamiyendo panga, ndipo ndinangoona mitambo ikuyenda pamwendo panga, nsonga ya phiri ikubwera n'kupita, mbalame zoyera za kunyanja zikudutsa chagada. Ndinaiwala kuti ndili m'takisi. Mayi wina amene anakhala pambali panga anaweramira n'kukonza duku lake m'galasimo, osandipempha n'komwe, n'kundiuza kanthu m'Chixhosa kamene sindinamve. Tinangosekerana.

Kamangidwe kake kanali kotere. Ndinavundikira ndowa patebulo. Pamwamba pake ndinaimika foni, nditaipana ndi mapegi awiri oyanikira zovala kuti akhale miyendo, kamera itayang'ana kumpando wanga. Kuseri kwake, chapambali pang'ono, ndinatsamiritsa galasi kukhoma, n'kulowetsa patapata pansi pake kuti lipendekere kwa ine. Likapendeka kwambiri ndinkabweza patapatayo pang'ono, likachepa ndinkaikankha. Nditakhala pampando ndinaona foni yanga m'galasi, ndipo m'foniyo munali kamayi kakang'ono, kokhala mwaulemu, mutu wonse ulipo, kuwala kwa pazenera kutagwera tsaya limodzi. Ndinakweza dzanja, nako kanakweza. Ndinasangalala ngati mwana.

Miyezi imeneyo ndimaikumbuka ngati maloto. Mphepo ya kuno ija, imene imakankha munthu pamsewu, inkalira m'malata, mchenga ukuwaza pachitseko, koma m'galasimo munali bata. Kamayi kaja kankakhala kutali, kumalo kopanda mphepo, ndipo nthawi zina ndinkaona ngati kali kale ku Dedza, kakungodikira kuti mwana alowe. Ndinkakayang'ana n'kumaimba. Ndinkaonetsa mwana nsapato zanga za kuntchito, chigoba cha nkhono chimene ndinatola kunyanja, mano anga, chipsera cha pachibwano chimene iyenso ali nacho chofanana nacho. Ndinkamuuza za nkhungu ya ku Sea Point, mmene imadzera m'mawa kuchokera kunyanja n'kumeza mafulati, kutsala makhonde okha akulendewera m'mwamba. Kuntchito munthu umatha sabata yathunthu wopanda wokuyang'ana kumaso, madamu amakutuma maso ali pa foni yawo. Ndiye Lamlungu ndikadziona m'galasimo, ndinkamva kuti ndilipo ndithu.

Achemwali anayamikira. Anati tsopano mwini nyumba waoneka, ndipo wanenepa.

Patapita nthawi mayankho anayamba kufupika. Ndikafunsa ngati mwana waonera, ankati waonera, basi. Ine achemwali anga ndimawadziwa, akafupikitsa mawu ndiye kuti pali chimene akhalira. Ndinawaumiriza mpaka ananditumizira uthenga wa mawu, umene ndinaumvera nditaima pakhonde la madamu, chokolopera chili m'manja. Anati mwana wasiya kuonera. Akamupatsa foni amaikankha n'kupita kukasewera. Anamufunsa kangapo chifukwa chake, mpaka tsiku lina akumusambitsa ananena yekha.

"Amayi aku Joni ali ndi mwana wina kumeneko. Amayang'ana iyeyo, amasekerera iyeyo. Ine sandiyang'ana."

Ndinakhala pansi pomwepo n'kutsegula mavidiyo anga, imodzi imodzi. Mwana sananame. M'vidiyo iliyonse maso anga anali kumbali, chapamwamba pang'ono, kumene kunali galasi. Ndinkaimba ndikuyang'ana kumbali. Ndinkati ndimakukonda ndikuyang'ana kumbali, nkhope yonse itawala, ngati pali wina waima pamenepo amene ndikumukonda zedi. Ine ndinkaona mayi akuyang'ana mwana wake. Iye ankaona mayi akuyang'ana wina.

Ndinapsa mtima, ndipo sindinkadziwa kuti ndipsere ndani. Nditafika ku Delft ndinanyamula galasi lija kuti ndikaliphwanye pa mwala wa panja. Mnzanga anandigwira mkono n'kundifunsa ngati galasilo ndilo linandipotoza maso. Anati vuto ndi laling'ono, ndizingoyang'ana kadontho kakuda ka kamera, osati galasi. Ndinamuyankha mokalipa kuti zonse kwa iye ndi zazing'ono poti alibe mwana. Mawu amenewo sanali abwino. Koma galasi analibweza yekha patebulo.

Kuyang'ana kadonthoko sikunali kophweka monga ankanenera. Ife tinaleredwa kuti munthu sumuyang'ana m'maso ukamalankhula naye, umayang'ana pansi kapena pambali, ndiwo ulemu. Ndiye pano ndiyang'anitsitse kabowo kakuda, kopanda nkhope, kosaphethira? Maso ankathawa okha kubwerera ku galasi, kumene kunali munthu.

Lamlungu lotsatira ndinachita chonchi. Ndinakonza zonse monga mwa masiku onse, ndowa, mapegi, patapata, n'kudziona kuti mutu ulipo. Ndinalemba ndi sopo pansi pomwe panali miyendo ya mpando, kuti ndisasunthe. Kenako ndinatenga foni m'manja n'kuyamba kujambula chipinda chonse. Ndinamuonetsa mwana kuseri kwa chitseko, pansi pa bedi, m'katoni ya zovala, ndikumuuza kuti taona, muno mulibe mwana aliyense. Ndinamuonetsa galasi, ine ndili m'menemo ndi foni yanga, n'kumuuza kuti amene ndinkamuyang'ana uja ndi ameneyu, mayi wopusayu. Ndinabweza foni pa mapegi, n'kuphimba galasi ndi chitenje, n'kukhala pampando.

Chipinda chinakhala ngati chakula. Kunatsala ine ndi kadontho kaja. Ndinali nditakonza nyimbo ndi mawu ambiri, koma zonse zinauluka. Ndinangokayang'ana. Ndege inadutsa, malata ananjenjemera, ine osachotsa maso. Ndinayamba kuganiza kuti kuseri kwa kabowoko kuli kanjira kakang'ono kamdima, kodutsa mapiri ndi malire onse amene ndinadutsa pa basi, ndipo kumapeto kwake kuli khonde la achemwali ndi kamtsikana kokhala pamphasa, mapazi ali mbuu. Misozi inatsika, sindinaipukute, poopa kuti dzanja lingatchinge maso. Ndinamuitana dzina lake kamodzi, n'kunena kuti, "Ndikuyang'ana iwe." Ndinatumiza osaionera n'komwe.

Kudikira tsiku la msika kunandidwalitsa. Ndinapsereza malaya a bwana ndi simbi, ndinathira mchere mu tiyi wanga. Ndinkangoganiza kuti mwina mwana aikankhanso foniyo.

Uthenga wa achemwali unandipeza m'takisi. Powamva sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira. Anati poyamba mwana anakana, ndiye anangoiyatsa vidiyoyo n'kuisiya pamphasa ngati aiiwala. Mwana anabwera yekha chozemba. Anaonera zapansi pa bedi zija bwinobwino. Koma pofika pamene ndinakhala pampando n'kumuyang'ana, anadzidzimuka, anabisa nkhope m'manja n'kuthawira kuseri kwa achemwali. Anasuzumira, n'kubisalanso. Kenako anayang'ana diresi lake lodetsedwa ndi dothi, anayang'ana mapazi ake, n'kuwakoka achemwali chitenje.

"Imitsani kaye. Mundisambitse, akundiona."