Malume Akhale Panja

Lachiwiri ndinaperekeza Lakisoni kuchipatala. Ndi mwana wa mlongo wanga, amalondera panyumba ina yosanjikizana ku Al Dafna, mumzinda wa Doha. Maso ake achita chikasu, mimba yatupa, mapazi sakulowanso m'nsapato za ntchito. Madokotala anati chiwindi chake chatha ndipo mankhwala sangachibweze. Chotsala n'kumuika china.

Chiwindi sichigulidwa. Chimachokera kwa munthu amene wamwalira, kapena kwa wamoyo amene walola kumudulako mbali ya chake. Ochifuna ndi ambiri. N'chifukwa chake pali mndandanda, ndipo pali kagulu ka madokotala kamene kamaona woyenera kulembedwa. Tsikulo linali lomufunsa mafunso.

Kwathu wodwala salowa yekha kwa dokotala, pamakhala gadiyani. Ine ndine malume wake, ndipo kuno ku Doha alibe wina wa magazi ake. Nesi atamufunsa ngati akufuna kulowa yekha, ndinayankha ndine.

"Tilowa tonse."

Lakisoni anangonditsatira. Akanati chiyani?

Dokotala anali mayi wofatsa, wolankhula Chingerezi chapang'onopang'ono choti ngakhale ine ndimve. Anafunsa za kudya, za ntchito, za mankhwala azitsamba. Kenako anafunsa za mowa.

Lakisoni anandiyang'ana, n'kuyang'ana pansi.

"Sindinamwepo."

Ine ndinagwedeza mutu monyada. Ndine mkulu wa mpingo. Mowa sunalowepo pakamwa panga, ndipo ana a m'banja mwathu amadziwa maganizo anga pa nkhaniyi.

Mayiyo anayang'ana pepala nthawi yaitali. Sanakalipe. Anati, "Magazi anu akunena zina. Pitani mukaganize, mubwere Lachinayi."

M'galimoto, titafika pa maloboti achiwiri, ndinamufunsa.

"Iwe, magazi amanama?"

"Sanama, amalume."

"Ndiye wanama ndani?"

"Ine."

"Chifukwa chiyani? Pa nkhani ya moyo wako?"

"Inu munali pomwepo."

Ndinafuna kumukalipira. Iye anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wotopa.

"Amalume, inu mukangomuyang'ana munthu, ngakhale thobwa amabisa. Ndiye ine ndinene za kachasu mutakhala pambali panga, mutavala jekete la kutchalitchi?"

Anandiuza zimene sindinkadziwa. Anayamba kumwa ali wamng'ono. Atabwera kuno analeka. Koma mwezi watha ali kutchuthi kumudzi, anzake anamuzungulira kuti wa ku Qatar wabwera, ndipo anamwa masiku angapo. Ankaganiza kuti kufooka kwake n'kwa mashifiti. Atabwerako ndi pomwe anagwa pageti.

Ndinene zoona. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikunena kuti woledzera asadandaule chikamupeza. Mukanandifunsa mwezi watha kuti chiwindi chipite kwa ndani, kwa wakumwa kapena kwa amene chinangomudwalira, ndikanayankha osaphethira. Lero wakumwayo ali ndi dzina, ali ndi mkazi ndi ana atatu, ndipo ndinamunyamulapo ali khanda.

Kodi ndasintha chifukwa ndi wanga? Mwina. Sindibisa.

Komabe sindikunena kuti madokotala asamafunse. Afunse ndithu. Chiwindicho chinali cha mwana wa munthu. Abale ake analola akulira. Si chinthu choti munthu alandire lero, mawa akachimize m'botolo, pamene wina wamwalira akudikira. Pamenepa lamulo ndilibe nalo mlandu.

Chimene sindinkadziwa n'choti kumwa sikutseka chitseko. Mayi uja anatifotokozera tisanatuluke. Amafuna munthu akhale miyezi ingapo osamwa, azionana ndi alangizi, kenako amamuonanso. Anatinso mndandanda ndi umodzi, sayang'ana kuti pasipoti yako ndi ya dziko liti. Chimene chimawavuta ndi bodza, chifukwa munthu wonama sadziwa pomuthandizira.

Ndiye amene anatsala pang'ono kutseka chitseko ndani? Botolo, kapena nkhalamba ya jekete?

Nesi uja anafunsa Lakisoni, osati ine. Kulankhula ndi dokotala payekha ndi ufulu wake, ndipo malamulo a chipatala amamupatsa. Ine ndinaulanda ndi mawu awiri, ndikuganiza kuti ndikuchita zaulemu. Ife timatero. Mkazi amalowa ndi apongozi. Mnyamata amalowa ndi abusa. Dokotala akafunsa za mowa, za akazi, za mankhwala a kwa sing'anga, wodwala amayankha wokhala pambaliyo, osati dokotala. Pepala limalembedwa zabodza, ndipo pepalalo ndi limene kagulu kaja kamawerenga posankha anthu.

Inu akuluakulu anzanga, ndi angati anamiza dokotala chifukwa inu munali m'chipindamo?

Pali china chimene chikundiwawa, ndipo ichi si changa. Miyezi yodikira ija ndi yofanana kwa aliyense, koma kulemera kwake n'kosiyana. Mwini dziko amadikirira kunyumba kwake. Injiniya amadikira atakhala pampando mu ofesi yozizira. Mlonda amadikira ataimirira pageti, ndipo chilolezo chake chokhalira kuno chamangidwa ku ntchitoyo. Miyendo ikakana, kontirakiti imatha. Kontirakiti ikatha, ndege. Kwathu, mmene ine ndikudziwira, opaleshoni imeneyi kulibe. Munthu akhoza kusiya mowa, kunena zoona, kuchita zonse zimene amuuza, n'kuchoka pamndandanda chifukwa cha tikiti.

Kodi pamenepo tinganene kuti onse ayesedwa mofanana? Ine sukulu ndinalekera ku pulayimale, malamulo sindiwadziwa. Koma ndikuona kuti amene amalemba malamulowa ayenera kuganizira wodwala amene nthawi yake ili m'manja mwa bwana.

Lachinayi ndinapempha abwana anga ku Al Messila, kumene ndimayendetsa galimoto, ndipo anandilola. Tinapitanso. Nesi atafunsa funso lomwe lija, ndinatseka pakamwa.

"Ndilowa ndekha," anatero Lakisoni, osandiyang'ana.

Ndinakhala pabenchi pafupifupi ola lathunthu. Sizinali zophweka. Munthu wamkulu kukhala panja ngati wobwera kudzapempha ntchito.

Atatuluka anati, "Ndanena zonse."

Lilime linandiyabwa kuti ndifunse kuti zonse ziti. Ndinalimeza funsolo.

Dzina lake silinalembedwe. Koma ayamba kumuwerengera masiku kuchokera pa tsiku lomaliza kumwa, ndipo amupatsa mlangizi. Za ntchito, supavaiza wake wangoti inshala, kutanthauza kuti Mulungu akalola. Loweruka ndikupita ndekha kukapempha kuti amuchotse pageti, amuike m'chipinda cha makamera momwe angakhale pansi. Kumeneko ndiye kofunika malume. Sindinagwadirepo munthu pa ntchito, koma ndikagwada.

Dzulo mlongo wanga anaimba foni kuchokera kumudzi.

"Achimwene, ndamva zoti mwanayo amamwa. N'zoona? Wawauza chiyani madokotala?"

"Sindikudziwa."

"Simukudziwa bwanji, inu simunali naye?"

"Ndinali panja. Umufunse wekha. Ndipo akakuuza, usakuwe. Tikufuna apitirize kunena zoona mpaka amulembe."