Izipuma

Injini ya dizilo ndinaidziwira pa esiteti ya tiyi, ndikuyendetsa thirakitale yokoka masamba. Siyovuta kumvetsa. Imakoka mpweya, pisitoni nkuupana mpaka utatentha. Dizilo akagwerapo amayaka, motowo nkukankha pisitoni, utsi nkutuluka. Mpweyawo uyenera kulowa woyera, nchifukwa chake pakamwa pake pali sefa.

Nditasiya ntchito ndinagula injini yakale ya pampu imene esiteti inkataya. Ndinaikonza ndi manja angawa, nkuimangirira chigayo kwathu kwa Khwethemule. Inali yokalamba ngati ine. Ikagaya kwambiri inkatentha, ndiye masana ndinkaizimitsa kuti izizire. Ndiyo inkatidyetsa.

Chaka chomwe ndinagonekedwa kuchipatala cha ku Thyolo chifukwa cha mwendo, chigayo ndinasiyira mkamwini wanga. Pokwera njinga ndinamuuza mawu awiri okha: “Injiniyi izipuma.”

“Musade nkhawa, bambo,” anatero.

Pobwerako, utsi ndinauonera kumsewu. Wobiriwira. Utsi wotero ndi wa oyilo amene akupsa. Ndinalowa ndi ndodo yanga nkupeza sefa ili pakhoma, yopachikidwa pamsomali ngati chipewa. Injini ili kukamwa yasaa, m’nyumba yodzaza fumbi la mgaiwa.

“Sefa iyi wachotsa ndani?”

“Ndine, bambo. Paja munati izipuma. Ndinaona kuti chinthucho chikuitseka mphuno.”

“Ndinati izipuma! Muziizimitsa!”

“Aaa, kupuma kumeneko? Ndiye mukanati izipumula.”

Kundiphunzitsa Chichewa ine, pa chigayo changa! Munthu woti sanaizimitsepo masana ngakhale tsiku limodzi, poti inali nyengo yokolola ndipo matumba anali ndandanda. Sindinamutukwane. Mkamwini satukwanidwa, ndipo mwana wanga, mkazi wakeyo, anali ataima pakhomo. Ndinasolola kachitsulo koyezera oyilo nkumuonetsa. Oyiloyo anali phala.

Makaniko wa ku Luchenza atatsegula injiniyo anandiitana kuti ndipisemo chala. Mkati mwa silinda, moyenda pisitoni, munali mikwingwirima yokhayokha, mphete za pisitoni zitadyeka. Fumbi likasakanikirana ndi oyilo limapala chitsulo ngati mchenga. Mpweya ukamathawira m’mbali supanika, ndipo ukapanda kupanika, dizilo sayaka. Zipangizo za injini ya mtundu umenewo, anati, zinasiya kubwera kalekale.

Lero injiniyo ili kuseri kwa nyumba, ndinaifunditsa lata. Chimanga chathu timakagayitsa kwa eni ake, pamzere. Mkamwini amabwera kudzandipatsa moni m’mawa uliwonse, ndipo ndimayankha. Anthu akandifunsa za chigayo ndimati chikupuma. Asankhe okha kupuma kwake.