Makina Akaima, Imba

Tsiku limene anamupatsa dzina loti Bakha, holo inali yodzaza mpaka kukhomo.

Anali mtsikana wa zaka makumi awiri ndi zitatu, mwana wamasiye woleredwa ndi azakhali ake. Ankaimba sakisofoni, chitoliro chamkuwa chopindika ngati mbedza, chimene chimalira kudzera pa kabango kopyapyala komangirira kukamwa kwake. Ambiri amachidziwira m'mabandi ovinitsa anthu. Iye anasankha njira ina: nyimbo zolembedwa papepala, zoimbidwa ndi okesitira, gulu la anthu makumi asanu ndi atatu okhala pamipando ndi zida zawo, wotsogolera ataima kutsogolo ndi kandodo.

M'gulu lotere wa sakisofoni alibe mpando wakewake. Amaitanidwa mwa apo ndi apo, nyimbo ikamufuna. Nyimbo ya masana amenewo inkamufuna kamodzi kokha. Ankayenera kukhala chete mphindi makumi atatu ndi zisanu, kenako gulu lonse litsike, iye alowe yekha, motsitsa, kwa mphindi imodzi ndi theka.

Kusukulu ya zoimba anali katswiri. Koma kumeneko munthu ankatsegula bokosi, n'kunyowetsa kabango, n'kuyamba. Ngakhale pokonzekera nyimbo ya tsikulo, wotsogolera ankayambira pa gawo lakelo kuti amumasule msanga. Panalibe amene anamuphunzitsa kukhala.

Choncho anakhala, sakisofoni ili pamiyendo, maso akusakasaka azakhali m'khamu. Anawapeza atavala chipewa chobwereka, ndipo anamwetulira. Pamene ankamwetulirapo kabango kanali kakuuma gwa, mkuwa ukuzizira. Kandodo kataloza iye, anakoka mpweya n'kuuzira.

Kwaa.

Wina kumbuyo anaseka. Mtsikanayo anauziranso. Kwaa. Wotsogolera anatembenukira kwa oimba mavayolini, zida za zingwe, nyimbo n'kupitirira ngati basi imene yasiya munthu akumanga chingwe cha nsapato.

Sanamuitanenso. Nkhani ilibe miyendo koma imayenda. Pofika kumapeto kwa mwezi, magulu onse oimba ankamudziwa Bakha.

Azakhali ake anali ndi kashopu kochapa ndi kusita zovala: makina awiri ochapira, tebulo lositira, ndi waya wopachikapo zovala za anthu. Bakha anakankhira bokosi la sakisofoni pansi pa tebulo, n'kugwira simbi.

"Ine sindinamve cholakwika," azakhali ankatero. "Ndimayesa ndi mmene anailembera. Nyimbo zanuzi amazimvetsa ndani?"

"Azakhali, chonde."

"Ndiye bokosi lakoli likundipunthwitsa. Usankhe, iwe: uziimba, kapena ndizisungamo sopo."

Patapita miyezi inayi, m'shopumo munalowa bambo wina wachikulire atanyamula malaya oyera asanu. Anali wa m'gulu lomwe lija, womenya mbale ziwiri zamkuwa zimene zimaphulika nyimbo ikafika pachimake. Onse ankawatchula a Mbale. Bakha anathawira kuseri kwa mabulangete opachika.

"Ndakuonani, mayi," anatero a Mbale. "Mapazi akuonekera."

Anatuluka, mutu uli pansi.

"Ndinali kumbuyo kwanu tsiku lija. Ndinakaona kabango kakuuma. Ndikanakukodolani, koma manja onse anali ndi mbale."

"Zinatha zimene zija, bambo."

"Mukudziwa kuti ine ndimamenya kangati m'nyimbo imene ija? Kawiri. Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndikuvala malaya osita kuti ndikamenye kawiri. Mayi a kunyumba amauza anthu kuti ntchito yanga ndi yokhala." Anaika malaya patebulo. "Kuimba mumatha, ndinakumvani. Chimene simudziwa ndi kudikira. Inu munadikira ngati munthu wa pamzere wa kuchipatala. Ife timadikira tili m'kati mwa nyimbo."

Pomwepo makina amodzi anaima, kabelu kake n'kulira. A Mbale anawayang'anitsitsa, kenako anafunsa kuti amatenga nthawi yaitali bwanji.

"Pafupifupi mphindi makumi anayi," anayankha azakhali. "Akadzuka bwino."

"Ndiye sukulu yake ndi imeneyi."

A Mbale anafotokoza. Azakhali akatseka chitseko cha makina, Bakha akhale pampando, sakisofoni ili pachifuwa. Asaimbe. Aziuzira mpweya wofunda m'chitoliro mosamveka, azinyowetsa kabango ndi lilime pakapita kanthawi, ndipo aziimba nyimbo yonse mumtima, gawo la mavayolini ndi la malipenga lomwe. Makina akaima, atulutse liwu limodzi lokha, lofatsa ngati mpweya wa khanda logona.

"Nanga kusita asite ndani, achimwene?" anafunsa azakhali, manja ali m'chiuno.

"Kamodzi patsiku basi, mayi. Nthawi yotsalayo simbi ndi yake."

Azakhali anang'ung'udza, koma ndi iwo amene anakoka bokosi lija pansi pa tebulo n'kulipukuta fumbi.

Sabata yoyamba kulira kwa bakha kunabwerera katatu. Ulendo uliwonse azakhali ankadzutsa mutu pa mulu wa zovala n'kunena kuti, "Awo, afika alamu athu. Apatseni mpando." Poyamba mtsikanayo ankakwiya. Tsiku lina anapezeka akuseka mpaka misozi, ndipo kuyambira pamenepo mantha anayamba kumusiya.

Miyezi inadutsa. Liwu lija linayamba kubwera nthawi yake, lopyapyala poyamba, kenako lodzaza ndi lofunda. Makasitomala anaphunzira kutsitsa mawu makina akamayandikira kuima. Mayi woluka tsitsi pakhomo loyandikana ankabwera ndi kapu yake ya tiyi kudzamvera liwu limodzilo, n'kubwerera kwa munthu amene anamusiya mutu uli theka. A Mbale ankabwera Lachinayi lililonse. Nthawi zina ankazimitsa makina mwadzidzidzi ali pakati, n'kumuloza Bakha ndi chala.

"Zovala za eni ake zimenezo, inu!" azakhali ankakalipa.

"Wotsogolera sachenjeza, mayi."

Zinatenga zaka ziwiri. Panali masiku amene Bakha ankadzifunsa kuti akukonzekera chiyani, popeza palibe amene ankamuitana. Koma chitseko cha makina chikatsekedwa, ankakhala pampando.

Chaka chachitatu gulu linakonza zoimbanso nyimbo ija, ndipo woimba sakisofoni amene ankamudalira anali atasamukira kutali. Lachinayi limenelo a Mbale anabwera opanda malaya ochapitsa.

"Ndalankhula nawo otsogolera. Anandifunsa kuti, 'Bakha uja?' Ndinati yemweyo. Ndawalonjeza kuti akamva kwaa, ndidzawasitira malaya chaka chonse. Ndiye mundimvere chisoni, mayi. Ine simbi sindiidziwa kogwira."

Tsiku loyeserera, wotsogolera anamulozera mpando. Anayamba ndi mavayolini. Anapita ku malipenga, n'kubwereranso ku mavayolini. Ola linatha, kenako theka la ola lina. Sanamuyang'ane ngakhale kamodzi. Bakha anadziwa kuti mayeso ake ndi amenewa. Anauzira mpweya wofunda, ananyowetsa kabango, anaimbira limodzi ndi anzake mumtima.

Ndiye kandodo kanamuloza, mosachenjeza.

Liwu linatuluka ngati linalipo kale m'chipindamo, kungoti tsopano anthu analimva. Wotsogolera sanaimitse nyimbo. Itatha, anatseka buku lake n'kunena kuti, "Loweruka, mayi. Mudzavale zakuda."

Loweruka masana holo inadzazanso. Ulendo uno Bakha sanasake chipewa cha munthu aliyense. Anayenda ndi nyimbo kuyambira liwu loyamba. Itakwana nthawi, gulu linayamba kutsika pang'onopang'ono, mofanana ndendende ndi makina ochapira aja akamamaliza kuzungulira, ndipo iye anatsala pang'ono kumva fungo la sopo. Anaimba mphindi yake imodzi ndi theka. M'holomo simunamveke ngakhale chifuwa. Atatsitsa sakisofoni, anamva phazi likugogoda kawiri mwendo wa mpando wake kuchokera kumbuyo. Manja a a Mbale anali ndi mbale.

Pamapeto wotsogolera anamuimiritsa yekha, ndipo anthu anaomba m'manja mpaka iye anasowa poyang'ana.

Azakhali anamudikira pakhomo lotulukira oimba, atavala chipewa chawochawo.

"Ndinatsala pang'ono kukuwa kuti makina aima," anatero. "Ndinachita kudzigwira pakamwa."

"Nanga alamu anu?"

"Ndinawasungira mpando. Sanabwere, amwano." Anapukuta m'maso n'kunena kuti chipewacho chikuwathina.

Kuchokera tsiku limenelo foni ya Bakha sinakhalenso chete. Magulu ena anamuitana. Olemba nyimbo anayamba kulembera sakisofoni yake, ndipo lero amaima kutsogolo, pambali pa wotsogolera, n'kuimba theka la ola osakhala pansi. Dzina lija sanalitaye. Pabokosi lake anamatapo chithunzi cha kabakha kachikasu. Amaphunzitsanso, ndipo ophunzira ake atsopano amadabwa ndi phunziro loyamba: amawakhazika pampando mphindi makumi anayi kuti aimbe liwu limodzi.

Azakhali anagula makina atsopano, koma akale aja anakana kuwagulitsa. Amati munthu sugulitsa mphunzitsi.

Mwina inunso amene mukuwerenga munalirapo kwaa pamaso pa anthu, ndipo dzina linakumatirirani. Mwina mwakhala nthawi yaitali pampando, ena akuimba, kandodo kakuloza kwina. Palibe angakuuzeni tsiku limene kadzaloze inu. Koma chochita chilipo lero lomwe: musalole kabango kanu kuuma, ndipo musachoke m'nyimbo. Osataya mtima. Makina adzaima, ndipo akadzaima mudzapezeke muli okonzeka kuimba.