Adadi agona mpaka 9 koloko

Moni nonse.

Lero 9 koloko ndafika kwa adadi ku Barking, makatani ali chitsekere. Paja chimwalirire amayi, 4 koloko imawapeza ali maso. Ndinachita mantha. Nditatsegula ndi kiyi wanga, ndawapeza akuliza mkonono, atakumbatira chitenje cha amayi.

Atadzuka aulula kuti mafuta a CBD, ochokera ku chamba, ndinawagulira kuti azigona bwino aja, amene anakana kuti mkulu wa mpingo samwa chamba, akhala akudonthezera pa lilime sabata yonse. Chithunzi cha tsamba pa kabotolo anachimata ndi pulasitala kuti a kumpingo asaone.

Kenako akuti, "Ndawalota amayi ako. Akuoneka bwino."

Mawa ndikafunsa adokotala ngati mafutawo sakulimbana ndi mankhwala awo a BP. Koma inu achimwene mukuti bwanji? Ine kuwalanda sindingathe.